Mlangizi wa sukulu ya kwacha m'malokeshoni a Lilongwe

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 5 kapena kuposerapo, 68.6 ndi amene ankatha kuwerenga ndi kulemba, ndipo chiwerengerochi chinali 71.6 kwa amuna ndi 65.9 kwa akazi. Mzinda wa Lilongwe, umene pa nthawiyo unali ndi anthu 989,318, uli pamwamba poyerekeza ndi madera a kumidzi, koma chiwerengero cha mzinda wonse chimabisa anthu ambirimbiri a ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kawale ndi ku Area 23 amene adabwera kuchokera kumidzi ya ku Dowa, Dedza, Ntchisi, Mchinji ndi madera ena atalekeza sukulu mu Sitandade 2 kapena 3, kapenanso asadapondeko n'komwe m'kalasi. Maphunziro aulere a pulayimale adayamba mu 1994, ndipo ana olembetsa adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma mwayiwu udapeza ena atakula kale, pamene ena adalowa m'makalasi odzaza kwambiri n'kutulukamo asadagwire bwino zilembo. Anthu amenewa ndi amene amayembekezeredwa ku sukulu ya kwacha, ndipo zoti aphunzira kapena abwerera kunyumba zimadalira kwambiri munthu mmodzi, amene m'ndondomeko ya boma amatchedwa mlangizi.

Kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga si kwachilendo m'chigawo chapakati, popeza amishoni a ku Mvera ndi ku Nkhoma, komanso a Katolika ku Likuni, ankaphunzitsa zilembo anthu okonzekera ubatizo kalekale, ndipo boma la atsamunda lidayesako ntchito yophunzitsa anthu ambiri nthawi imodzi ku Mponela mu 1947. Ndondomeko imene ikugwira ntchito lero idayamba ngati yoyesera mu 1981 mothandizidwa ndi UNESCO ndi UNDP, ndipo idafalikira dziko lonse mu 1986. Ili pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera, osati unduna wa maphunziro, ndipo likulu lake ndi National Centre for Literacy and Adult Education ku Lilongwe. M'madera imayang'aniridwa ndi alangizi a chitukuko, amene ambiri mwa iwo amaphunzira ntchito yawo ku koleji ya Magomero m'boma la Chiradzulu. Pansi penipeni pa makwererowa pali mlangizi wa kalasi, amene si mphunzitsi wolembedwa ntchito ndi boma, koma munthu wongodzipereka wosankhidwa m'dera lomwelo, amene amapatsidwa maphunziro a masabata awiri, buku la ophunzira lotchedwa Chuma ndi Moyo, buku lomutsogolera, choko ndi kaundula, n'kuuzidwa kuti m'miyezi 10, pokumana maola awiri patsiku masiku anayi pasabata, aphunzitse anthu kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera.

Kusiyana kwa mwana ndi munthu wamkulu monga ophunzira kudafotokozedwa momveka ndi Malcolm Knowles wa ku America, amene m'buku lake la mu 1970 adatchukitsa mawu akuti andragogy, kutanthauza luso lothandiza akuluakulu kuphunzira. Mfundo zake zinali zakuti munthu wamkulu amadziona ngati wodziyendetsa yekha, amabwera ndi nkhokwe ya zimene adakumana nazo, amafuna kudziwa chifukwa chake akuphunzira chinthu, ndipo amakonda phunziro limene angaligwiritse ntchito mawa lomwe osati zaka zikubwerazo. Akuluakulu a kuno adaziona kale zimenezi pamene ankati galu wamkota sakandira pachabe: mayi amene wasiya benchi yake ya tomato ku msika wa Nsungwi ku Area 25 kuti akakhale maola awiri m'kalasi ali ndi chimene akufuna, ndipo wawerengera kale makasitomala amene amuphonye masanawo. Mwana wa pulayimale akatopa ndi mphunzitsi amabwerabe mawa chifukwa makolo amamutuma. Munthu wamkulu akakhumudwa sakangana ndipo sadandaula. Amangopepesa kuti kunyumba kuli odwala, n'kusiya kubwera. Chifukwa cha ichi, mipando yopanda anthu m'mwezi wachitatu imanena zambiri za mlangizi kuposa mayeso a m'mwezi wa 10.

Udindo woyamba, umene umaposa ngakhale luso la zilembo, ndi wosunga ulemu wa wophunzira. Munthu amene wakhala akudinda chala pamene anzake akusayina, kaya polandira chiphaso cha unzika mu 2017, kaya polandira ngongole ya pagulu, kaya pa kaundula wa ukwati, amakhala atanyamula manyazi kwa zaka zambiri, ndipo amakhala ataphunzira njira zowabisira, monga kunena kuti wayiwala magalasi kapena kuti maso akuyabwa, kuti wina amuwerengere. Kulowa m'kalasi ndi kuvomera poyera chinthu chimene wakhala akubisa, ndipo m'lokeshoni, momwe nyumba zimayang'anana makomo ndipo nkhani imafika pa mjigo kapena pa kiyosiki ya madzi lisanalowe dzuwa, kuvomera kotere kumafuna mtima. Mlangizi nthawi zambiri amakhala wamng'ono kwa ophunzira ake, mwina msinkhu wa ana awo, motero sangawatchule kuti "iwe" kapena kuwaitana ndi dzina loyamba; amati "amayi", "abambo", "agogo", kapena kutchula mfunda, ndipo amapempha m'malo molamula. Sawaimiritsa kuti ayankhe, sawaimbitsa moni wa m'kalasi la ana, ndipo satumiza ku bolodi munthu amene akudziwa kuti akalakwa pamaso pa mpongozi wake kapena mnzake wa ku Chigwirizano. Cholakwa chimakonzedwa pa kope, mlangizi atagwada kapena kukhala pambali pa wophunzirayo, ndipo alangizi ena amapewa cholembera chofiira chifukwa ambiri mwa ophunzirawa adachoka ku sukulu akukumbukira mizere yofiira ndi chikwapu.

Malo ophunzirira nawonso ndi nkhani ya ulemu. Sukulu za kwacha zilibe nyumba zawozawo, choncho zimabwereka tchalitchi, chipinda cha sukulu ya mkombaphala, kapena kalasi la pulayimale ana akaweruka. Kalasi la pulayimale limaoneka loyenera, koma lili ndi vuto lake, chifukwa madesiki ake ndi a ana, ndipo ana omwewo, ena a iwo zidzukulu za ophunzira, amatsalira n'kumasuzumira pa windo kuti aone agogo akulimbana ndi "a e i o u". Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amuna amathawira makalasiwa, amene pafupifupi kulikonse m'dziko muno amadzaza ndi amayi. Bambo woyendetsa kabaza kapena wolondera ku Kanengo akhoza kufuna kwambiri kudziwa kulemba, koma sangakhale pakati pa amayi 20 a m'dera lake n'kumalephera chilembo chimene mkazi wa neba wake wachidziwa kale. Mlangizi woganiza bwino amakambirana ndi komiti ya kalasi ndi mfumu kapena mabuloko lida za nthawi ina kapena malo ena a amuna, ngakhale kuti zimenezi zimamuwonjezera ntchito popanda kumuwonjezera kanthu m'thumba.

Udindo wachiwiri ndi wofufuza zimene wophunzira akudziwa kale ndi zimene wabwerera. Kusadziwa kulemba si umbuli, ndipo mlangizi amene amasokoneza ziwirizi amataya kalasi msanga. Mayi wogulitsa makala kapena mandasi amawerengera m'mutu mofulumira kuposa mlangizi wake: amadziwa mtengo umene adapikulira, amadziwa milu imene ituluke m'thumba limodzi, amachotsa ya thiransipoti ndi ya chiphaso cha msika, ndipo sabweza chenji cholakwika. Chimene akusowa ndi njira yoika masamuwo pa pepala, kuti alembe mayina a amene atenga pa ngongole, kuti awerenge yekha zimene mlembi wa banki mkhonde walemba m'buku lake la masheya, ndi kuti asadalire mwana kapena ejenti pofuna kudziwa ndalama zimene zalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kuyamba naye ndi kuwerenga timiyala kuyambira 1 mpaka 10 n'kumunyoza. Phunziro loyenera limayambira pa ndalama zenizeni, pa kusiyana kwa 500 ndi 5,000 zikalembedwa, pamene ziro mmodzi wosaoneka bwino pa foni akhoza kudya phindu la sabata yonse, ndi pa manambala 20 a mayunitsi a magetsi amene ayenera kulowetsedwa mu mita popanda kudumpha ngakhale imodzi. Wina wabwera kuti aziwerenga tsiku lobwereranso ku sikelo lolembedwa m'kabuku ka mwana ku chipatala cha Kawale kapena cha Area 25, wina akufuna kutsegula yekha nyimbo ndi vesi m'Buku Lopatulika popanda kuyang'ana kwa woyandikana naye, ndipo wina akufuna kungolemba dzina lake basi. Mlangizi ayenera kufunsa aliyense payekha m'masabata oyamba, ndi kuonetsetsa kuti aliyense walawako msanga chimene adabwerera, chifukwa munthu amene walemba dzina lake m'sabata yachiwiri amapirira miyezi yotsalayo.

Apa ndi pamene mlangizi wa m'tauni amakumana ndi vuto limene mnzake wa kumudzi salimva kwenikweni. Ndondomeko ya mu 1986 idamangidwa pa ganizo lakuti kuwerenga kuziphunzitsidwa pamodzi ndi nkhani za chitukuko, monga ulimi, ukhondo, kadyedwe ndi kulera, ndipo popeza Amalawi ambiri amakhala kumidzi, maphunziro ambiri adalembedwa poganizira mlimi. Munthu wa ku Mgona amene amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, amagula madzi pa ndowa ndipo amadzuka m'mamawa kukadikira ganyu pa geti la kampani, nkhani ya kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe imamufika patali. Zimene zimamudya mutu ndi landilodi, chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu, ngalande yotsekeka, katapila, ndi pepala limene abwana amusayinitsa popanda kumuwerengera. Paulo Freire wa ku Brazil, amene mu 1963 ku Angicos adaphunzitsa antchito pafupifupi 300 kuwerenga m'masiku 45, ankayamba ndi kumvetsera mawu amene anthu a m'deralo amagwiritsa ntchito kwambiri, n'kusankhapo amene ali ndi kulemera m'moyo wawo, kuti kukambirana za mawuwo ndi kuwaphwanya m'maphatikizo zichitikire pamodzi. Iye ankatsutsa kaphunzitsidwe koona wophunzira ngati akaunti ya ku banki yongoikamo zinthu. Maganizo akewa ndi amene adabala njira ya Reflect, imene bungwe la ActionAid lidayesa pakati pa 1993 ndi 1995 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador ndipo pambuyo pake idafika ku Malawi, momwe ophunzira amajambula okha mapu a dera lawo kapena kalendala ya ndalama ndi matenda, n'kutengapo mawu ophunzira.

Sikuti mlangizi ataye buku la boma. Bukulo lili ndi dongosolo la zilembo loyenda pang'onopang'ono, ndipo munthu wophunzitsidwa masabata awiri amene wasiya dongosololo kuti azingokambirana amapezeka kuti miyezi yatha anthu akudziwa kulankhula za mavuto awo koma osatha kulemba chiganizo. Chofunika n'chakuti bukulo likhale msana wa phunziro, pamene zowerenga zenizeni zizichokera m'matumba a ophunzira: risiti ya madzi, paketi ya mankhwala, fomu ya sukulu ya mwana, chikwangwani cha minibasi ya ku Area 23, uthenga wa pa foni. Mlangizi amene amapempha aliyense kuti abwere ndi kapepala kamodzi kamene kamusautsa sabata imeneyo sasowa chophunzitsa.

Pa luso lenileni la zilembo, Chichewa chimathandiza chifukwa chimalembedwa mofanana kwambiri ndi mmene chimamvekera, motero munthu amene wagwira malembo a liwu asanu ndi maphatikizo osavuta monga ma, me, mi, mo, mu amayamba msanga kupanga mawu. Vuto limabwera pa maphatikizo a zilembo zinayi kapena zisanu, monga mpha, ntha, nkhwa ndi tcha, pa kusiyanitsa ng' ndi ng, ndi pa zilembo zofanana maonekedwe monga b ndi d, ndipo apa mlangizi wothamangira kumaliza buku amasiya theka la kalasi m'mbuyo. Palinso zinthu za m'thupi zimene mphunzitsi wa ana saziganizira. Dzanja limene lagwira khasu, fosholo kapena musi kwa zaka 30 limagwira pensulo mwamphamvu kwambiri, mpaka nsonga kuthyoka kapena pepala kubooka, ndipo zala zimatopa patangotha mizere iwiri, choncho masiku oyamba amafuna zilembo zazikulu, zolembedwa ndi choko kapena pansi, kuti mkono umasuke. Anthu ambiri akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo wophunzira amene amatalikitsa buku kapena kutsinzina diso akhoza kuoneka ngati wosagwira msanga pamene vuto lake ndi la magalasi otsika mtengo chabe. M'tchalitchi cha mawindo aang'ono, nthawi ya 4 koloko m'mwezi wa Juni, kuwala kumakhala kutachepa kale. Mlangizi watcheru amaona zimenezi, amasintha pokhala, amakulitsa zolemba pa bolodi, ndipo amalangiza munthuyo mwamseri kuti akapimitse maso.

Kalasi limodzi limakhala ndi anthu a milingo yosiyana kwambiri, kuyambira amene sadagwirepo pensulo kufikira amene adafika Sitandade 4 n'kuiwala zina, ndipo mu mzinda ngati Lilongwe mumakhalanso olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena kunyumba, amene Chichewa amachidziwa cha pa msika. Kugawa kalasi m'magulu ndi kupempha odziwako kuti athandize anzawo kumathandiza, malinga ngati odziwawo sasanduka olankhula okha. Ambiri mwa odziwakowa chimene amafuna ndi Chingerezi, chifukwa mafomu a ku banki, zikwangwani za m'maofesi ndi malangizo a pa mankhwala zili m'Chingerezi, ndipo wogwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10 kapena ku Area 43 amadziwa kuti mawu ochepa achingerezi amakweza malipiro. Boma lidavomereza kufunika kumeneku ndipo lidawonjezera makalasi a Chingerezi kwa amene amaliza a Chichewa, koma mlangizi ali ndi udindo wonena zoona, kuti miyezi yochepa ingathandize munthu kudzaza fomu ndi kupereka moni, osati kulemba mayeso a Fomu 4.

Nthawi ndi chuma china cha wophunzira chimene mlangizi ayenera kuchisamala. Kalendala ya m'lokeshoni ili ndi nyengo zake: msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, ambiri a ku Mgona ndi ku Area 25 amapeza ntchito ya miyezi ingapo, mvula ikayamba, ena amapita kumudzi kukadzala kapena kukapalira minda yobwereka kunja kwa mzinda, kumapeto kwa mwezi ena amasamuka chifukwa lendi yawavuta, ndipo maliro a m'dera amatseka kalasi popanda wofunsa. Maola a kalasi sayenera kuikidwa ndi mlangizi yekha, koma kugwirizana ndi ophunzira, ndipo akagwirizana, mlangiziyo ayenera kukhala woyamba kufika, pakuti munthu amene watseka geni yake n'kupeza chitseko chokhoma kawiri sabweranso kachitatu. Wojomba sabata yathunthu amafunika kuyenderedwa kunyumba, osati mofufuza mlandu, koma mwa chizolowezi chozonda mnzako, ndipo nthawi zambiri ulendo wotere umavumbula chifukwa chenicheni, monga mwamuna amene akuletsa, mwana wodwala, kapena mawu amene wina adalankhula m'kalasi. Kaundula amafunanso chilungamo. Pamakhala chiyeso cholemba anthu 25 pamene obwera ndi 9, poopa kuti kalasi litsekedwa, koma malipoti otere akakwera kumaofesi amapereka chithunzi chakuti zonse zili bwino, ndipo vuto limene likadakonzedwa limakhala losadziwika.

Chifukwa chakuti mlangizi ndiye munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba amene ali pafupi, anthu amamubweretsera zambiri zoposa zilembo, ndipo apa udindo wake ndi kudziwa malire. Pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo udachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, kalasi la kwacha linali malo abwino okambirana za kuthira klorini m'madzi ndi kuthamangira ku chipatala, koma za mlingo wa mankhwala woyenera kufotokoza ndi mlangizi wa zaumoyo, amene akhoza kuitanidwa kudzalankhula. Chimodzimodzi nkhani za malo, za chuma cha masiye ndi za nkhanza za m'banja zili ndi maofesi ake, ndipo ntchito ya mlangizi ndi kulozera njira, osati kuweruza. Munthu wosadziwa kuwerenga amakhulupirira kwathunthu amene akumuwerengera, motero mlangizi amaona makalata, zotsatira za ku chipatala ndi mauthenga a ndalama a ophunzira ake, ndipo zonsezi ziyenera kuthera pomwepo. Sayenera kudziwa nambala yachinsinsi ya foni ya wophunzira, ngakhale mwiniwake atamuuza mwaufulu, koma amuphunzitse kuilowetsa yekha. Sayenera kusunga ndalama za gulu kapena kubwereka kwa ophunzira. Ndipo pa nthawi ya kampeni, pamene andale amafuna gulu lililonse losonkhana kale, akhoza kuphunzitsa kawerengedwe ka pepala lovotera koma osati pochonga.

Pakutha pa miyezi 10 ophunzira amayesedwa, ndipo okhoza amalandira satifiketi, kawirikawiri pa mwambo umene kwa ambiri ndi woyamba kuitanidwa ndi dzina pagulu chifukwa cha maphunziro. Koma luso lowerenga limene langophuka kumene limafota ngati silikugwiritsidwa ntchito, ndipo munthu amene wamaliza buku limodzi n'kukhala chaka osawerenga kanthu amabwerera pafupi ndi pamene adayambira. Zowerenga za m'Chichewa zoyenera munthu wamkulu n'zochepa, ngakhale kuti zilipo, monga nyuzipepala za Boma Lathu ndi Fuko, masamba a Chichewa a m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, mabuku a mapemphero, ndi mabuku a ku National Library Service. Mlangizi amene amasonkhanitsa zotere m'katoni, n'kulimbikitsa omaliza kuti azikumanabe kamodzi pa sabata, kapena kuti mmodzi wa iwo asankhidwe kukhala mlembi wa banki mkhonde kapena wa komiti ya maliro, amakhala atateteza ntchito yake ya chaka chonse. Achinyamata amene angapitirire ayenera kuuzidwa njira zimene zilipo, monga kulemba mayeso a Sitandade 8, makalasi a masana a m'sukulu za sekondale amene amalandira akuluakulu, ndi maphunziro a ntchito zamanja.

Ntchito zamanjazi zili ndi aphunzitsi awo a akuluakulu amene sadzitcha aphunzitsi. Makaniko wa m'magalaja a ku Biwi, kalipentala wa ku Mchesi, telala wa pa khonde la sitolo ku Kawale ndi wowotcherera zitsulo wa ku Chinsapo amaphunzitsa achinyamata ambiri, ndipo bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, limazindikira maphunziro a pa ntchito otere. Kaphunzitsidwe kawo kali ndi mphamvu imene kalasi limaisowa, popeza wophunzira amaona, amayesa ndipo amakonzedwa pa chinthu chenicheni. Kufooka kwake n'kwakuti mnyamata akhoza kukhala zaka ziwiri akupatsira sipanala ndi kutsuka zitsulo popanda kuuzidwa chifukwa chake injini ikuchita zimene ikuchita, mwina chifukwa bwanayo akuopa kulera wopikisana naye. Udindo wa mmisiri wotere ndi wofanana ndi wa mlangizi: kufotokoza chifukwa, kupereka ntchito yokulirakulira, kuteteza maso ndi manja a wophunzira, ndi kumuuza nthawi imene maphunzirowo adzathe.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, zimaoneka kuti dziko limayembekezera kwa mlangizi wa kwacha luso limene mphunzitsi wa pulayimale amaliphunzira kwa zaka ziwiri m'makoleji monga ya Lilongwe ku Area 25, koma limamupatsa masabata awiri ndi ndalama yongothokoza, imene kwa zaka zambiri inali K500 pamwezi ndipo kawirikawiri inkafika mochedwa. Malawi idavomereza ndondomeko ya dziko ya maphunziro a akuluakulu mu 2020, ndipo msonkhano waukulu wa UNESCO wa ku Marrakech mu 2022 udatsindika kuti aphunzitsi a akuluakulu azionedwa ngati akatswiri, aziphunzitsidwa mokwanira ndi kulipidwa moyenera. Bungwe la DVV International la ku Germany, limene lili ndi ofesi ku Lilongwe, lakhala likugwira ntchito ndi boma pa nkhaniyi, ndipo Catholic University of Malawi idayambitsa dipuloma ya maphunziro a akuluakulu. Izi zimathandiza kwambiri oyang'anira ndi okonza mapulogalamu, koma pamatenga nthawi kuti zifike kwa munthu woima pa bolodi ku Chinsapo.

M'tauni vuto la malipiro limaluma kwambiri kuposa kumudzi, chifukwa mlangizi alibe munda womudyetsa, amalipira lendi ngati ophunzira ake, ndipo maola a masana amene amaphunzitsa ndi omwewo amene akadachita geni. Amene ali ndi satifiketi ya Fomu 4, omwe ndi amene angaphunzitsenso Chingerezi, ndiwo amachoka msanga akapeza ntchito m'sitolo, pa sukulu ya mkombaphala yolipira kapena ku bungwe. Mlangizi akachoka pakati pa chaka, kalasi silikhala ndi womulowa m'malo wokonzeka, popeza wina ayenera kusankhidwa ndi kudikira kuti ndalama za maphunziro ake zipezeke, ndipo ophunzira amene adafika pakati pa buku amabalalika, kotero kuti wotsatirayo amayamba ndi ntchito yoyenda khomo ndi khomo kukopa anthu amene adakhumudwapo kale kamodzi.